Mmene a Muimba Anakumbira Manda a Njovu

Padangokhala, kale nyama zikadali ndi bwalo lawo la milandu, kunali dziko lolamulidwa ndi Mfumu Chipembere. Mfumuyi inali yabwino mtima, koma maso ake sankaona patali, ndipo dzuwa likafika pamutu tulo tinkaigwira ngakhale mlandu uli pakati.

M'dzikomo kupha kunali kwa mitundu itatu. Wopha kuthengo chifukwa cha njala analibe mlandu. Wopha mnzake mwachiwembu ankapirikitsidwa m'dziko. Koma wopha mnzake padziwe, pamene nyama zonse zinkamwa madzi, ameneyo ankaponyedwa kuphompho. Lamulo la imfa linali limodzi lokhalo, ndipo aliyense ankalidziwa chifukwa Njiwa, mlengezi wa mfumu, ankaliimba bwalo lisanayambe. Inali nyimbo yaifupi. Njiwa ankafunsa kuti wopita kuphompho ndani, khamu n'kuyankha potchula wopha padziwe, kenako onse n'kuwomba m'manja kawiri. Basi.

Wosunga malamulo anali a Muimba. Ntchito yawo ina inali yosamalira kunsi kwa phompho, ndipo palibe amene ankafunsa kuti amasamalirako bwanji. Vuto linali lakuti panapita zaka zisanu ndi chimodzi popanda woponyedwa. Nyama zinkaopa lamulo, ndipo khosi la a Muimba linkangoonderaondera.

"Akuonda n'kuganizira malamulo," nyama zinkatero mwaulemu.

Likongwe yekha ndi amene ankaseka akamva zimenezi. Iyeyu anali kanyama kakang'ono kokonda kuyankhulira anzake pabwalo, osati chifukwa cha malipiro, koma poti kutsutsana kunkamukoma kuposa mazira.

Tsiku lina Nkhandwe anabisalira bambo Nkhwali panjira, atatsala mapazi khumi okha kuti afike padziwe, n'kuwapha chifukwa cha mkangano wakale wa malire a munda. Bwalo linamupirikitsa monga mwa lamulo. Mayi Nkhwali anaimirira misozi ili chuchuchu.

"Mapazi khumi," anatero. "Akanangoyenda pang'ono pokha, bwenzi wowaphayo ali kuphompho. Ndiye amuna anga analakwa kuyenda pang'onopang'ono?"

 A Muimba anatsokomola.

"Wawa mfumu, lamulo lathu n'lalifupi. Tilitalikitse. Wopha mnzake panjira yopita kudziwe nayenso aziponyedwa."

Onse anavomera, Likongwe yemwe, chifukwa misozi ya mayi aja inali yeniyeni. Njiwa anawonjezera mzere wachiwiri panyimbo. Koma Nkhandwe anali atawoloka kale mitsinje iwiri, choncho a Muimba anagonanso ndi njala.

Mwezi usanathe, anagwidwa Nkhanga.

"Wadya chiwala panjira ya kudziwe," anatero a Muimba.

"Ndinali ndi njala," Nkhanga anayankha.

"Lamulo latsopano silinatchule njala."

Mboni anali a Fulu, amene ankaona zonse zochitika m'dzikomo chifukwa paliponse ankachedwa kuchokapo. Likongwe anawayandikira.

"A Fulu, chiwalacho mutu chinalozetsa kuti?"

"Kuthengo. Chinali chitamwa kale."

"Ndiye njirayo sinali yopita kudziwe. Inali yochokera kudziwe."

"Njira ndi imodzi yomweyo," a Muimba anadula.

"Wawa mfumu," anatero Likongwe, "mukamapita kwa apongozi anu ndi pamene mukubwerako, miyendo imalemera chimodzimodzi?"

Mfumu inaseka mpaka nyanga kugwedezeka.

"Ayi ndithu. Zimenezo ndi njira ziwiri. Nkhanga azipita."

A Muimba sanakhumudwe poyera. Anangopempha kuti, poti bwalo linali litakhala kale, atseke mipata. Anawonjezera wopha panjira yochokera kudziwe. Anawonjezera wopha mnzake ali m'tulo, wopha mlendo m'nyumba mwake, ndi wopha tsiku la mvula, ati chifukwa magazi amayenderera n'kudetsa dziko. Mtundu uliwonse ankaufotokoza moopsa kwambiri moti nyama zinkachita manyazi kukana. Wokana ankaoneka ngati ali ndi wina amene akufuna kumupha. Nyimbo ya Njiwa inafika mizere isanu ndi umodzi, ndipo khamu linayamba kusokoneza mayankho, ena akutchula za mvula pamene anzawo ali pa za mlendo.

Wachiwiri kugwidwa anali Mvuu. Tsiku lina masana anakhala pansi osayang'ana, ndipo pansipo panali Chule.

"Wapha wogona," anatero a Muimba, maso ali pa matako a Mvuu.

"Sindinamuone," Mvuu analira. "Tinkamwera limodzi ameneyu."

Likongwe anaitananso a Fulu.

"Munadziwa bwanji kuti malemu anali m'tulo?"

"Anali atatseka maso."

Nthawiyo dzuwa linali pamutu, ndipo mfumu inali italemetsa nyanga pansi, maso ali tsinzi. Likongwe anapita pafupi ndi khutu lake.

"Wawa mfumu, pepani kukudzutsani."

Mfumu inadzidzimuka. "Ndani akugona? Ine ndimaganiza."

"Koma maso munatseka."

"Ndimaganiza bwino ndikatseka maso."

"Mwamva nonse," anatero Likongwe potembenukira khamu. "Nanga tidziwa bwanji kuti malemu a Chule sankaganiza?"

Mfumu sikanatha kutsutsa popanda kuvomera kuti inkagona. Mvuu anangolamulidwa kukumbira ana a Chule thamanda lawolawo, ndipo anakumba lalikulu kuposa limene anamuuza.

Ulendo uno a Muimba anawonjezera wopha aliyense wotseka maso, kaya akugona, kaya akuganiza, kaya akuyetsemula. Pomaliza anaikapo kalamulo kena kakang'ono, akuyang'ana kumbali ngati sikofunika: palibe wololedwa kuyankhulira wa m'nyumba mwake pabwalo. Nyimbo inatalika mpaka Njiwa ankaima pakati kuti amwe madzi, ndipo kuwomba m'manja kuja kunkafika ena atayamba kale kuyasamula.

Ena amati a Muimba ndi amene anauza Mphiri kuti kuuna kwa Likongwe kuli ana onenepa. Ine kunalibeko. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa wina, Likongwe atapita kukasaka, Mphiri analowa m'unamo, ndipo sanatulukemo wamoyo. Mkazi wa Likongwe, dzina lake Nagama, anamugwira pakhosi osamusiya.

"Wapha mlendo m'nyumba mwake," anatero a Muimba pabwalo.

"Ndinamupeza pakhomo la chipinda cha ana, kukamwa kuli yasa," anatero Nagama. "Ndikanamuphikira?"

Likongwe anadumpha kuti ayankhule, koma a Muimba anakweza phiko.

"Ameneyu ndi wa m'nyumba mwanu, bambo. Khalani pansi."

Mfumu inapukusa mutu, koma lamulo inali italivomereza yokha. Inagamula kuti Nagama adzaponyedwe patatha masiku anayi. A Nungu, msilikali wa bwalo, anamutengera m'mphako ya mtengo n'kukhala pakhomo, minga ili njo.

Likongwe anabwerera kwawo. Anadyetsa ana, anawanamiza kuti amayi awo apita kukacheza, kenako anakhala pakhomo. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake, pakamwa pake panalibe mawu. Koma mutu sunaleke kugwira ntchito. Ngati iye sakuloledwa kuyankhulira Nagama, panafunika kupeza wina womuyankhulira, ndipo m'dziko lonselo wodziwa malamulo kuposa onse anali mmodzi yekha.

M'mawa mwake anakwera mtengo wa a Muimba.

"Ndabwera kudzathokoza," anatero.

"Kuthokoza?"

"Mkazi uja amalongolola. Ndipo kutsidya kuli wina amene ndakhala ndikumuponyera diso. Mwandithandiza. Koma inu ndikukumverani chisoni, akuluakulu. Miyezi yonseyi mwavutikira kanyama kongomeza kamodzi, mafupa okhaokha."

"Ine ndimatumikira chilungamo."

"Ndikudziwa. Kungoti chilungamo cha msinkhu wanu chimafunika chamafuta. Munawerengapo nyerere zimene zimafera pansi pa mapazi a Njovu? Nanga a Njati? Nanga Mvuu amene anakupulumukani uja?"

Dovu la a Muimba linagwera pa nthambi.

Pochoka kumeneko Likongwe anadzera kwa Njovu, kwa Njati ndi kwa Mvuu, ndipo aliyense anamunong'oneza mawu ochepa.

Tsiku lotsatira a Muimba anabweretsa lamulo la wopha mnzake pomuponda. Anabweretsanso mayi Linthumbu, amene anayamba kutchula abale awo opondedwa mmodzimmodzi mpaka mfumu inawapempha kuti alekeze pa a chaka chino okha. Mfumu inayang'ana mapazi ake omwe mokayika.

"Mfumu siponda," a Muimba anafulumira kunena. "Imasalaza dziko."

Njovu, Njati ndi Mvuu anaweruzidwa kuti aponyedwe. Chodabwitsa n'chakuti atatuwa sanakane. Njovu mpaka anathokoza bwalo. Njiwa anaimba nyimbo yonse ndi mzere watsopanowo, mawu atasasa, ndipo khamu linayankha motsitsa, aliyense akuyang'ana pamene waponda.

Pamenepo Likongwe anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira mokuwa.

"Mwaletsedwa kuyankhula," anatero a Muimba.

"Sindikuyankhulira mkazi wanga. Lamulo lagwira ntchito yake, ndipo ndikuliombera m'manja. Ndikuyankhula ngati namfedwa wa mkuja."

"Namfedwa sitimuletsa," inatero mfumu. "Nena."

"Akuchikazi adzandifunsa manda a mwana wawo. Ndidzawalozera pati? Ndikupempha kuti aliyense woponyedwa aziikidwa m'manda, pamwamba pake mwala waukulu woti fisi asasunthe."

"Pempho labwino," inatero mfumu. "A Muimba, kodi kale mitembo inkapita kuti?"

"Inkasamalidwa, wawa."

"Ndiye muzisamalabe, koma ndi dothi."

"Mwanena bwino, mfumu," Likongwe anapitiriza akupukuta misozi. "Kunsi kwa phompho n'kwa a Muimba, wina asawalande ulemu wokumba. Manda azikhala okonzeka munthu asanaponyedwe, kuti asagone padzuwa. Ndipo kwathu kuno aakulu ndi amene amayamba. Mkazi wanga sangatsogole a Njovu alipo."

Mfumu inavomera zonse zinayi. A Muimba anatsegula mlomo, anautsekanso. Kukana kukanafuna kuti afotokoze chifukwa chake, ndipo chifukwacho sichinali chonenera pabwalo.

Anayamba kukumba m'mawa mwake. Khasu analibe, manja ogwirira khasu analibenso. Anali ndi mlomo ndi zikhadabo, ndipo pansipo panali pamiyala. Madzulo a tsiku loyamba Njovu anafika ataperekezedwa ndi a Nungu, kudzayesa manda ake. Analowetsa chala chimodzi cha phazi.

"Sindikwanamo," anatero mwachisoni, n'kubwerera.

Tsiku lachitatu munalowa zala ziwiri. Njati anabwera kudzakumbutsa kuti ake adzakhale otambalala kumutu chifukwa cha nyanga. Mvuu anapempha kuti ake adzafike pamadzi, poti khungu lake silifuna pouma. Nyama zinayamba kubwera ndi zakudya kudzaonerera, ndipo zina zinkapereka malangizo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri phazi la Njovu linalowa mpaka m'kakolo.

"Tikupita patsogolo," anatero Njovu. "Mukalimbikira, mvula ya chaka cha mawa idzandipeza ndalowa mpaka m'mawondo."

Nthenga za kumutu kwa a Muimba, zimene ankazinyadira kwambiri, zinasosoka zonse ndi kulowetsa mutu m'dzenje, ndipo sizinamerenso mpaka lero. Tsiku lachisanu ndi chinayi anakwawira kubwalo, mlomo utapindika, n'kupempha kuyankhula.

"Wawa mfumu, ndaganizira mozama. Lamulo la kuponda lili ndi vuto. Njovu sangaone nyerere. Wopha osadziwa si wachiwembu."

"Ayi," Likongwe anaimirira. "Lamulo ndi lamulo. Mayi Linthumbu alira pachabe?"

"Ife tinkangofuna kuti aziyang'ana poyenda," anatero mayi Linthumbu. "Za manda ndi zawo."

"Mwamva," a Muimba anatero msangamsanga. "Lichoke."

Linachoka, ndipo Njiwa anapumira m'mwamba.

"Koma Mvuu asapite," anatero Likongwe. "Pali lamulo la wotseka maso. Dzulo anakhalira nkhono, ndipo nkhono maso ake anali m'kati. Tsiku lake kunalinso kamvula."

A Muimba anayang'ana kukula kwa Mvuu, n'kukumbukira za manda ofika pamadzi. Anayankhula ngati sanayankhulepo chibadwire. Anasonyeza kuti kutseka maso si mlandu wa wina, kuti mvula sisintha mtima wa wopha, kuti wokhalira mnzake mwangozi ndi wosiyana ndi womubisalira. Likongwe ankatsutsa mfundo iliyonse mwaukali, ndipo a Muimba ankamugonjetsa mfundo iliyonse, thukuta lili kamukamu pa dazi latsopanolo. Malamulo anagwa limodzilimodzi.

Atafika pa lamulo la panjira, mayi Nkhwali anaimirira, ndipo bwalo linaleka kuseka.

"Limenelo linayamba ndi misozi yanga," anatero. "Ine ndinkalirira amuna anga amene anawabisalira. Sindinapemphe kuti Nkhanga afere chiwala. Ngati mukulisiya, lisiyireni wobisalira mnzake mwadala. Ngati simungathe kusiyanitsa wobisalira ndi wanjala, lichotseni, musalitchulenso dzina langa."

Ulendo uno maso a mfumu anali otsegula.

"Likhala la wobisalira yekha," inatero. "Ndipo mboni zikhale ziwiri, osati a Fulu okha."

"Ndipumeko," anatero a Fulu.

Panatsala lamulo la mlendo. A Muimba anayang'ana kumphako kumene kunali Nagama. Manda a kanyama kotero akanatha tsiku limodzi, ndipo mwala, mwina, ukanatheka kuupendeketsa.

"Ili lokha likhale," anatero.

Nkhope ya Likongwe sinasinthe.

"Zikomo kwambiri. Tsono poti mukuyamba kukumba mawa, ndikuuzeni mwambo wa kwawo kwa mkazi wanga. Iwo ndi anthu a m'mauna. Manda awo amakhala a zipinda zitatu, kuya kwake khosi la a Kadyamsonga. A Kadyamsonga, tabwerani akuyezeni."

Kadyamsonga anabwera n'kuima pakati pa bwalo. A Muimba anayamba kumuyang'ana kuchokera pachifuwa, kukwera, kukwera, mpaka anagwa chagada.

"Ndifunseko mboni," anatero akudzuka. "A Fulu, Mphiri polowa m'nyumbamo anaodira?"

"Odi sindinamumve."

"Analonjeredwa? Anapatsidwa pokhala?"

"Analowera kuseri, cha kumene amagona ana."

"Ndiye mlendo wake uti? Wawa mfumu, mlendo amaodira pakhomo. Wolowera kuseri ndi mbala, ndipo mayi woteteza ana ake kwa mbala alibe mlandu. Amene anabweretsa nkhaniyi pabwalo sanaganize bwino."

"Anaibweretsa ndinu," inatero mfumu.

"Nthawi imeneyo ndinali ndi nthenga kumutu, wawa. Zinkanditenthetsa."

A Nungu anatsitsa minga, ndipo Nagama anatuluka. Mfumu Chipembere sinkaona patali, koma fungo inkalimva. Inalamula kuti wosunga malamulo asadzakhalenso wosamalira kuphompho, ndiponso kuti aliyense wofuna kuwonjezera lamulo la imfa azikumba kaye manda a Njovu ndi manja ake, akamaliza adzabwere adzanene ngati akulifunabe. A Muimba anauluka tsiku lomwelo. Masiku ano amangozungulira m'mwamba kudikira zodzifera zokha, ndipo ukawaonetsa khasu amakwera kwambiri.

Likongwe anayenda kupita kwawo mchira uli m'mwamba, Nagama ali pambuyo pake. Atafika, mayiyo anakumbatira ana ake, anawawerenga, anawanunkhiza mmodzimmodzi, kenako anawatuma kukasewera panja.

"Bambo a ana, khalani apa," anatero. "A Nungu amamva zambiri pantchito yawo. Akuti ine ndine kanyama kongomeza kamodzi?"

"Inali nzeru chabe, mayi."

"Mafupa okhaokha?"

"Ndinkafuna kuti a Muimba akhulupirire."

"Anakhulupiriradi. Nanga wa kutsidya uja, amene mwakhala mukumuponyera diso?"

"Kulibe munthu kutsidya. Ndinangopeka."

"Mwapeka msanga bwanji? Tiyeni kutsidyako ndikaone kuti kulibeko."

Likongwe anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mfumu yoti aiseketse, panalibe a Fulu oti awafunse mafunso. Panali Nagama yekha, mkazi amene anapha Mphiri popanda womuthandiza. Anayesa kunena kuti njira yopita kutsidya ndi yosiyana ndi yochokera kutsidya, koma Nagama sanaseke.

Mlandu umenewo anagonja. Anagamulidwa kutunga madzi ndi kusambitsa ana mwezi wathunthu, ndipo atafunsa ngati angakadandaule kubwalo lalikulu, Nagama anamuuza kuti bwalo lalikulu ndi lomwelo.

Yanga yathera pamenepa. Wofuna kuitalikitsa ayambe wakumba.